Mmene mungajambulire Carina Nebula ndi fyuluta ya narrowband

Mwafunsa ngati n'zotheka kujambula Carina Nebula, mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi womwe uli pakati pa nyenyezi, mwezi ukuwala. N'zotheka ndithu, bola muyambe ndi fyuluta ya H-alpha, imodzi mwa mafyuluta a narrowband, omwe amalola mtundu umodzi wokha wa kuwala. Imeneyi imangolola kuwala kofiira kwa haidrojeni, kwa 656 nm (nm ndi muyeso wa utali wa funde la kuwala), ndipo imatchinga kuwala kochuluka kwa mwezi ndi magetsi a m'tauni. Kuno kwathu mwezi wa May ndi wabwino: mvula yatha, Carina ili m'mwamba chakummwera madzulo.

Choyamba lunjikitsani mount yanu, chipangizo chonyamula telesikopu ndi kutsatira nyenyezi, ku south celestial pole, malo a kummwera omwe nyenyezi zimaoneka ngati zikuwazungulira. Musafupikitse apa. Nyenyezi ya Sigma Octantis, yomwe ili pafupi ndi malowa, ndi yozimirira kwambiri, choncho gwiritsani ntchito pulogalamu ya pakompyuta. Mukalakwitsa pang'ono, nyenyezi zimatuluka ngati timizere.

Kenako ikani fyuluta, mukonze focus pa nyenyezi yowala mpaka ikhale kadontho kakang'ono. Mukasintha fyuluta, konzaninso. Jambulani zithunzi za masekondi 300 chilichonse, zosachepera 20. Musadabwe chithunzi chimodzi chikaoneka chakuda bii, kuwalako kumaonekera mukaziphatikiza. Yang'aniraninso mame pagalasi, chifukwa amawononga ntchito ya usiku wonse mwakachetechete.

Fyuluta ya OIII, ya kuwala kwa okosijeni kwa 501 nm, isungireni usiku wopanda mwezi, pakuti iyo mwezi umaisokoneza kwambiri. Fyuluta yachitatu ndi SII, ya kuwala kwa salufa kwa 672 nm.

Musanapakire, jambulani ma dark (zithunzi zamdima zochotsera phokoso la kamera) mutatseka telesikopu, ndi ma flat (zithunzi za kuwala kofanana paliponse, zochotsera madontho a fumbi) a fyuluta iliyonse. Phatikizani zonse mu pulogalamu ya Siril, yomwe ndi yaulere. Kuti mupeze mitundu ngati ya zithunzi za telesikopu ya Hubble, SII ikhale yofiira, H-alpha yobiriwira, OIII yabuluu.