Malangizo a kandeke ka FPV: sigino isaduke, malo asankhidwe bwino

Musanalumikize batire, dziwani kuti kandeke kanu ka FPV, droni imene mumayendetsa mukuona zimene kamera yake iona, kamadalira mawailesi awiri osati imodzi. Yoyamba icoka pa rimoti kupita ku kandeke, nthawi zambiri pa 2.4 GHz olo pa 900 MHz ngati ndi zija zopita kutali monga Crossfire, yaciwiri ndi ya vidiyo icoka pa kamera kubwera m'ma goggles anu (magalasi a skirini amene mumavala kumaso) pa 5.8 GHz. Iyi ya vidiyo ndiye yofooka kwambiri, ndiyo imayamba kukusiyani.

Anthu ambiri amafunsa kuti kamafika makilomita angati, koma cimene cimagwetsa tundeke tambiri si mtunda ai, ndi cinthu cimene caima pakati pa inu ndi kandeke. Cipupa ca mabuloko, culu cacikulu, phiri, mtengo wa mango wa masamba ambiri makamaka ukanyowa ndi mvula, zonsezi zimadya sigino ya 5.8 GHz ngakhale kandeke kali pafupi, mamita 100 cabe. Mukazungulira kuseri kwa nyumba cithunzi cimangoyamba mizeremizere kenako mdima, ndipo pamenepo mulibe nthawi yoganiza. Malata nawonso amabweza sigino, ndiye m'komboni momwe madenga ali thithithi cithunzi cimagwedera olo eriyo yanu ikhale yodula bwanji. Imani pamalo okwera poti maso anu aona mbali zonse zimene mufuna kuulukako, ndipo musaulukire kumbuyo kwanu, thupi lanu lomwe limachinga.

Za eriyo osazitenga mopepuka. Musayatse VTX (kacipangizo ka pa kandeke kotumiza vidiyo) eriyo isanamangidwe, imatha kupsa mkati. Eriyo ya pa kandeke ikakhala RHCP (ya sigino yozungulira kumanja) ya pa goggles ikhalenso RHCP, mukasakaniza ndi LHCP (yozungulira kumanzere) sigino imatsika kwambiri. Felemu ya carbon ndi batire zimachinga wailesi, conco eriyo ituluke kunja isabisale pansi pake. Ndipo musaloze kandeke ndi nsonga ya eriyo ya rimoti, kunsongako ndi kumene sigino ili yocepa.

Failsafe, cimene kandeke kamacita sigino ya rimoti ikaduka, muiyese kunyumba, mapulopela mutacotsa. Yatsani zonse, citani arm (kuyatsa mamota ndi rimoti), kenako zimitsani rimoti, mamota ayenera kuima okha. Akapitiriza kuzungulira musapite nako kunja, conde, kandeke kothawa kopanda woyendetsa kangatheme mwana wa munthu. Ngati muli ndi GPS Rescue (imene imabweza kandeke kokha sigino ikaduka) dikirani masatelaiti afike 8 musananyamuke. Pa skirini ikani LQ (nambala yoonetsa ubwino wa sigino ya rimoti) ionekere, ikakhala 100 zili bwino, ikayamba kutsikira ku ma 70 bwererani osadikira, komanso batire ikafika 3.5V pa selo imodzi (kagawo kamodzi ka batire) terani. Mukauluka ndi anzanu aliyense akhale pa chanelo yake, mphamvu ya VTX ili pa 25 mW, ndipo osayatsa VTX pamene mnzanu ali m'mwamba musanamufunse.

Manje malo. Munda wokololedwa kale olo dambo louma ndi abwino, koma pemphani kaye mwini munda kapena amfumu. Bwalo la mpira lili bwino pokhapo palibe anthu. Yendani pansi coyamba muone mawaya a ZESCO, cifukwa m'ma goggles waya simuuona mpaka mutaugunda, ndipo talikirani nsanja za mafoni. Mu August ndi September mphepo imakula ndipo udzu umakhala wouma, batire ya kandeke (LiPo) ikaphulika pamenepo ndi moto wa thengo, ndiye yambani kuuluka molimbana ndi mphepo kuti pobwera ikukankheni, ndipo khalani ndi mcenga olo dothi pafupi.

Pafupi ndi eyapoti osayesa n'komwe, kaya ndi Kenneth Kaunda ku Lusaka, Simon Mwansa Kapwepwe ku Ndola, Harry Mwaanga Nkumbula ku Livingstone, Mfuwe olo Chipata, cimodzimodzi makampu a asilikali, ndende ndi State House. Ku South Luangwa ndi mapaki ena muyenera cilolezo ca a National Parks and Wildlife. Malamulo a madroni ali m'manja mwa Zambia Civil Aviation Authority, za mafrikwensi ndi a ZICTA, afunseni musanayambe. Musapitirire mamita 120 m'mwamba, ndipo nthawi zonse mukavala ma goggles pakhale mnzanu pambali woona kandeke ndi maso, akuuzeni kukabwera munthu, ng'ombe olo ndeke yeniyeni.