Momwe mungapitirizire maphunziro a TAC muli pantchito kuno ku Tete

Nkhaniyi ndikulembera anzanga ojambula ekisire m'zipatala za m'chigawo chathu, kuyambira ku Ulongué, Moatize mpaka mumzinda wa Tete, komanso madokotala amene amadziwerengera okha zithunzi chifukwa katswiri ali kutali. Ambirife tinatuluka kusukulu tikudziwa kujambula chifuwa ndi fupa lothyoka, TAC, kujambula thupi gawo ndi gawo pogwiritsa ntchito ekisire ndi kompyuta, tinangoimva m'kalasi. Makinawa si achilendo padziko, wodwala woyamba anajambulidwa mu 1971 ku London pa makina a Godfrey Hounsfield. Koma a masiku ano amamaliza chifuwa chonse munthu atangogwira mpweya kamodzi, ndipo luso lake lasanduka la kudziwa nthawi ndi manambala. Kaya pachipatala panu makina alipo kale, kaya mukungomva kuti abwera, njira imene ndinadutsa ine ndi iyi.

Yambani ndi kusankha chimene mukufuna kuphunzira, ndipo musankhe poyang'ana odwala amene amabwera pakhomo panu. Kuno mutu ndiwo uli patsogolo. Pali ngozi za njinga zamoto ndi malole a pamsewu wa N7 wopita ku Zóbuè, pali sitiroko, palinso khunyu. Ku Angónia, kumene nkhumba zimawetedwa kwambiri, khunyu lina limabwera chifukwa cha nyongolotsi ija imene imayambitsa masese m'nyama ya nkhumba. Mazira ake akalowa mwa munthu, tizilombo timakakhazikika m'bongo, ndipo tikafa timasiya timadontho toyera touma timene TAC imationetsa bwino ngakhale popanda kontrasiti, mankhwala obaya mumtsempha kuti ziwalo zioneke bwino pa chithunzi. Chachiwiri ndi mapapo: TB, zipsera zimene imasiya, ndi fumbi la anthu a m'migodi ya malasha ku Moatize. Zimenezi zimafuna kudula mopyapyala, pafupifupi milimita imodzi. Maphunziro ojambula mitsempha ya mtima amakopa, koma amafuna makina ojambula magawo 64 kapena kuposa akazungulira kamodzi, ndiye ngati anu ndi a 16 mungotaya ndalama.

Za kagonekedwe ka wodwala ndi mayina a ziwalo sindinena, mukuzidziwa. Chimene muyenera kuloweza musanalembetse kulikonse ndi manambala a Hounsfield, osonyeza kuyera kapena kuda kwa chinthu pa chithunzi. Madzi ndi 0, mpweya ndi -1000, mafuta a m'thupi ali cha m'ma -100, bongo 30 mpaka 40, magazi amene angoundana kumene 50 mpaka 70, fupa mazana angapo kukwera mpaka kupitirira 1000. Kenako mawindo ake, kutanthauza chigawo cha manambalawo chimene mwasankha kuti chioneke pa kompyuta. La bongo m'lifupi 80 pakati 40, la mapapo m'lifupi 1500 pakati -600. Magazi ochepa amene agona pansi pa chigaza amabisala pa windo la bongo chifukwa amayera limodzi ndi fupa, mpaka mutalikuza kufika cha m'ma 200. Mphunzitsi aliyense wa pa intaneti amayamba ngati kuti izi mukuzidziwa kale.

Tsopano intaneti. Bungwe la IAEA, loona za mphamvu za nyukiliya padziko lonse, limene Mozambique inalowamo mu 2006, lili ndi maphunziro aulere a kuteteza wodwala ku cheza cha ekisire, ndipo ena amapereka satifiketi mukakhoza mafunso a kumapeto. Tsamba la Radiopaedia lili ndi zithunzi za odwala enieni zoti muziziyendetsa gawo ndi gawo ngati muli pa makina, ndipo maphunziro ake olipira amaperekedwa ulere kwa a m'mayiko osauka ngati mwapempha. Muziyang'ananso pa Telessaúde ya Unduna wa Zaumoyo kuona zimene zatuluka. Amene Chingerezi chimakuvutani, pa YouTube pali aphunzitsi a ku Brazil ofotokoza bwino m'Chipwitikizi, kungoti pofufuza muzilemba TC kapena tomografia, pomwe pa masamba a Chingerezi mulembe CT. Mavidiyo amadya ma mega koopsa. Ine ndinkagula phukusi la usiku, lija lotsika mtengo, n'kusiya foni ikukopera, m'mawa ndikumvera pa chapa.

Apa chenjerani ndi anyamata a pa Facebook ndi WhatsApp olengeza kosi ya TAC ya masiku atatu yokhala ndi satifiketi "yovomerezeka padziko lonse", ndalama mutumize pa M-Pesa kapena e-Mola ku nambala ya munthu. Mukalipira mumalandira ma PDF amene akanapezeka ulere, ndi pepala lokongola limene a ku ofesi ya ogwira ntchito sangaliike m'faelo yanu. Musanatumize ngakhale metical imodzi, funsani dzina la sukulu, dzina la mphunzitsi ndi chipatala chimene mukagwirepo makina. Akayamba kuzungulira pa funso lachitatuli, atayeni.

Gawo limene ndikufuna mulimvetse bwino ndi la estágio, kupita kukagwira ndi manja kuchipatala chachikulu. Makina ndi akatswiri ali ku Maputo, Beira ndi Nampula, ndipo kwa ife Beira ndiye pafupi, ngakhale ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 600. A ku Angónia amaona Lilongwe kufupi podutsa pa Calómuè, koma kumeneko ndi dziko lina, mapepala ake amachuluka. Kulikonse kumene mwasankha, mumalemba requerimento, kalata yopempha chilolezo, kudzera kwa akulu a dipatimenti yanu, ipite kwa mkulu wa chipatala, idutse ku ofesi ya zaumoyo ya chigawo, ndipo musanyamuke despacho, yankho lolembedwa la akuluakulu, isanatuluke. Mukangopita pa mawu apakamwa, masikuwo adzawerengedwa kuti munajomba.

Ine zonsezi zinayenda, chinandipweteka ndi mawu amodzi m'kalata yondiperekeza. Amene anailemba anaika kuti ndikupita kukaonerera ntchito. Nditafika kumene ndinapitako, abambo achikulire oyang'anira chipinda cha TAC anandilandira bwino, nandipatsa mpando kuseri kwa galasi, koma anandiuza mwaulemu kuti malinga ndi kalatayo sangandilole kugwira wodwala kapena kukhudza batani lililonse, chifukwa chitalakwika chinthu adzayankha ndi iwo. Sindinawaone kulakwa. Kuti kalata ina ilembedwe kuno, isainidwe, ifike uko, theka la nthawi yanga linali litapita, ndalama ya nyumba ndikulipira ya m'thumba. Choncho kalata yanu muiwerenge nokha isanasainidwe. Inene kuti mukupita kukagwira ntchito moyang'aniridwa, itchule kuika kanula, kuyendetsa pampu ya kontrasiti ndi kukonza protocolo, ndondomeko ya kajambulidwe, pa kompyuta ya makina. Muimbenso foni sabata yonyamuka, mufunse mmodzi wa ojambula, osati ku ofesi, ngati makina akuyenda, ngati kontrasiti ilipo, ngati masirinji a pampu alipo. Makina amatha kukhala amoyo koma masirinji atatha, ndiye mudzangojambula mitu yopanda kontrasiti mpaka tsiku lobwerera. Dosímetro yanu, kachida koyeza cheza chimene mwalandira, munyamule, musayembekezere kuti akakubwerekani.

Chifukwa chimene ndikulimbikira pamenepa n'chakuti kontrasiti siphunziridwa ndi maso. Ikalowa m'mtsempha wa pamkono imayamba kufika m'mitsempha ya m'mapapo pasanathe masekondi 20, m'mitsempha yochoka kumtima cha pa 25 mpaka 40, m'chiwindi imadzaza bwino pa 70, ndipo m'njira za mkodzo muidikire mphindi 5 mpaka 10. Mukachedwa masekondi khumi pofufuza magazi oundana m'mapapo, chithunzi chilibe ntchito, wodwala walandira cheza ndi mankhwala pachabe. Wodwala mtima magazi ake amayenda pang'onopang'ono, manambala a m'buku samugwira, n'chifukwa chake makina ali ndi njira yoti muike kachizindikiro pa mtsempha, iwo azidikira mpaka kontrasiti ifike pa 100 kapena 150 pa manambala a Hounsfield n'kuyamba okha. Kuika kachizindikiroko pamalo oyenera, osati pa khoma la mtsempha louma, ndi dzanja limene limazolowera. Pampu ikamakankha mamililita 4 kapena 5 pa sekondi imafuna kanula yobiriwira ya 18 kapena ya pinki ya 20, pakhonyo pa mkono. Ya buluu ya pamsana pa dzanja idzaphulitsa mtsempha, mankhwala n'kudzaza pansi pa khungu. Yesani kaye ndi soro, madzi a diripi, chala chanu chili pamtsempha. Kontrasiti muitenthetse ifike madigiri 37 kuti isalimbe. Musanyengeke ndi kutentha kwa ku Tete, chipinda cha makina chimazizira dala, botolo limazizira nacho.

Musanabaye mufunse za impso, muone creatinina, muyeso wa m'magazi wosonyeza mmene impso zikusefera. Ngati kusefa kwa impso kwatsika pansi pa 30, kambiranani ndi dokotala kaye. Mufunsenso za metformina kwa a matenda a shuga, za mphumu, ndi ngati kontrasiti inawavutapo kale. Adrenalina ikhale m'chipinda momwemo, osati kufamasi. Wamkulu akayamba kubanika ndi kutupa, mlingo wa adrenalina ndi 0,5 mg wobaya pantchafu. Pa estágio pemphani akuonetseni kabati yake tsiku loyamba.

Za mlingo wa cheza ndingonena pang'ono, maphunziro a IAEA aja amazifotokoza kuposa ine. TAC ya mutu ndi pafupifupi 2 mSv (muyeso wa cheza chimene thupi lalandira), ya chifuwa 6 kapena 7, ya m'mimba 8 mpaka 10, pomwe ekisire wamba ya chifuwa sapitirira 0,1. Makina amalemba CTDIvol ndi DLP, manambala osonyeza mlingo wa cheza, kumapeto kwa wodwala aliyense. Muzizilemba m'kope, pakatha miyezi mudzaona nokha protocolo imene ikuwotcha anthu. Mwana asajambulidwe ndi mphamvu ya 120 kV ya akuluakulu, tsitsani ku 80 kapena 100 molingana ndi kulemera kwake, ndipo jambulani kamodzi, malo okhawo amene dokotala wafunsa. Mayi wa msinkhu wobereka mumufunse za mimba pambali, osati pamaso pa apongozi amene amuperekeza. Inuyo malire anu ndi 20 mSv pachaka, ndipo oyang'anira zimenezi m'dziko muno ndi a ANEA, bungwe la boma loona za mphamvu za nyukiliya.

Zotsalazo n'zachidule. Pobwera mutenge kalata yosainidwa yonena zimene munagwira ndi chiwerengero cha odwala, muifotokope, kope imodzi ku ofesi ya ogwira ntchito, ina kunyumba. Protocolo za uko musazikopere mmene zilili ngati makina anu ndi a kampani ina, mayina a mabatani a Siemens, GE, Philips ndi Canon amasiyana. Akabwera wophunzitsa wa kampani poika makina atsopano, musakhale patchuthi sabata imeneyo, maphunziro akewo analipiridwa kale pogula. Wofuna digiri afunse ku ISCISA, sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ku Maputo, dokotala wofuna ukatswiri ayambire ku Ordem dos Médicos, bungwe la madokotala. Ndipo tengani nambala za anzanu a kumene munapitako, mudzazifuna usiku wina. Kungoti potumiza chithunzi pa WhatsApp mufufute kaye dzina la wodwala ndi nambala yake.