Paipi ikamadontha pansi pa simenti musathamangire kuswa nyumba yonse

Vuto la paipi yodontha pansi pa nyumba ndi loti silioneka msanga. Mpopi ukamadontha umauona, chimbudzi chikamataya madzi umamva, koma paipi yomwe inakwiriridwa pansi pa simenti imatha kukhala ikutaya madzi miyezi ingapo inu osadziwa, kungoona bilu ikukwera mwezi ndi mwezi kenako kuyamba kukalipira ana kuti akusewera ndi madzi. Anzathu a kumayiko ozizira ngati ku UK vutoli limawapeza pa mapaipi a madzi otentha ofunditsa nyumba, ife kuno ku Salima ndi kutentha kwathuku zimenezo tilibe, koma paipi yochokera pa mita kupita ku bafa ndi kukhitchini, komanso ya giza yotenthetsera madzi osamba kwa omwe ali nayo, nyumba zambiri inadutsa pansi pa simenti ndipo ikaboola mavuto ake ndi omwewo.

Chomwe ndikufuna mumve ndi chakuti hamala ndi tchizulo zibwere kumapeto. Ndaona anthu akuswa sitingirumu yonse, matailosi odula kuwonongeka, mapeto ake kukapeza kuti kunali kuchimbudzi komwe thanki imataya madzi usiku ndi usana.

Yambirani pa mita. Tsekani mipopi yonse ya m'nyumba ndi ya panja, uzani aliyense asatsegule madzi ngakhale kugejemula kuchimbudzi, ndiye mukavundukule mita ija muipukute galasi. Manambala akuda aja amawerenga ma cubic metre, imodzi ndi malita 1,000, ofiirawo amawerenga timagawo ting'onoting'ono, ndipo mamita ambiri ali ndi kagudumu kakang'ono ngati nyenyezi komwe kamazungulira madzi akamadutsa ngakhale pang'ono bwanji. Kakamazungulira mipopi yonse ili yotseka ndiye kuti penapake madzi akutuluka. Ngati simukuona bwino jambulani mita pa foni, dikirani maola awiri, jambulaninso mufananitse. Zimenezi muchite nthawi yoti madzi akutuluka ndi mphamvu, chifukwa tsiku loti madzi asiya kapena akubwera mwaulesi mita siyenda ndiye mungaganize kuti zonse zili bwino. Amene muli pa prepaid ndi chimodzimodzi, onani mayunitsi musanagone ndi m'mawa musanatsegule mpopi. Amene mumadalira thanki ya pamwamba ndi pampu ya pa chitsime, dzazani thanki madzulo muzimitse pampu, lembani chizindikiro pomwe madzi alekezera, m'mawa mukaone.

Musamadelere kuti ndi madontho chabe. Dontho limodzi pa sekondi likamagwa chaka chonse limapitirira malita 10,000, ndipo paipi yapansi ikaboola nthawi zambiri siichita kudontha, imachita kutsira ndithu. Komanso dziwani kuti a Central Region Water Board omwe amatipatsa madzi kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota udindo wawo umathera pa mita. Kuchokera pa mita kulowa kwanu paipi ndi yanu, madzi onse omwe adutsa pa mita ndi anu mulipira, kaya munamwa kaya analowa m'dothi. Ngati kukudontha mita isanafike, uko ndiye musakhudze, kanenereni ku ofesi yawo.

Mita ikatsimikiza, chotsani kaye zinthu zosavuta. Thanki ya kuchimbudzi ndiyo imanamiza anthu ambiri, vundukulani chivundikiro muthiremo Sobo pang'ono osasungunula, dikirani mphindi 20 osagejemula, mtundu uja ukaonekera m'mbale ya chimbudzi ndiye kuti kamphira ka pansi pa thanki katha, ndi kanthu kotchipa ku hadiweya. Onaninso kapaipi kotayira madzi ka giza kotulukira panja, mpopi wa kuseri kochapira, ndi malo omwe paipi imadutsa pabwalo, udzu ukakhala wobiriwira pamalo amodzi mu Okutobala pomwe kwina konse kwauma, kumbani pamenepo kaye. Ngati pali valavu pomwe paipi imalowera m'nyumba itsekeni mukaonenso mita, ikapitiriza kuyenda vuto lili pabwalo ndipo mwapulumuka chifukwa kukumba dothi ndi khasu sikudula, ikaima ndiye lili mkati.

Tsopano mkatimo zizindikiro zake ndi izi, pansi pamakhala ponyowa malo amodzi osauma ngakhale kunja kukuwotcha, m'munsi mwa khoma penti imatukusira nkumasupuka, pamatuluka zoyera ngati mchere, kabati ikayandikana ndi khomalo zovala zimanunkha chinyontho, tailosi ukaigogoda ndi chala imalira ngati mkati mulibe kanthu. Chiswe nacho chimakonda malo oterewa, mukaona chayamba kumanga njira zake pa felemu ya chitseko chomwe sichinavutepo, ganizirani za madzi. Ikakhala paipi ya giza yendani opanda nsapato m'mamawa simenti itazizira, phazi limamva lokha malo ofunda, ndipo mayunitsi a magetsi amathanso msanga chifukwa giza imangokhalira kutenthetsa madzi othawa. Koma chenjerani nthawi ya dzinja, kuno kunyanja madzi a pansi amakwera, nyumba zina zimanyowa chifukwa cha mvula basi osati paipi, nchifukwa chake ndikukakamira za mita.

Ndipo pomwe panyowa si pomwe paboola nthawi zonse ayi. Madzi amayenda pansi pa simenti kutsata mchenga ndi kutsetsereka kwa malo, amatha kukatulukira kuchipinda pomwe chiboo chili kukhonde. Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi yomvetsera. Dikirani usiku kwakhala zii, zimitsani fani ndi filiji, tengani sikuludilaiva yaitali kapena chitsulo chowongoka, nsonga muike pa simenti chogwirira muchikanikize pa khutu, muziyenda pang'onopang'ono kutsata mzere womwe paipi ingadutse kuchokera polowera kupita ku bafa ndi kusinki. Mumva kaphokoso ka siii kosalekeza, kakamakula mukuyandikira, kakayamba kuchepa mwadutsa, bwererani mulembe ndi choko. Kuti mutsimikize tumani mwana akatseke pa mita inu khutu lili pomwepo, phokoso likaleka ndi lomwelo. Ngati amene anamanga nyumbayo kapena pulambala amene anaika mapaipi akadalipo m'deramo mufufuzeni, iye amakumbukira pomwe anadutsitsa ndi pomwe analumikiza, ndipo polumikiza paja, pa elibo pomwe paipi imakhota ndi pa tii pomwe imagawikana, ndi pomwe pamayamba kawirikawiri.

Chimaboola mapaipiwa nchiyani? Akale aja a chitsulo, a galvanised, amachita dzimbiri makamaka pa mazinga chifukwa podula mazinga chotetezera chija chimachoka. A pulasitiki oyera a PVC amathyoka akakhala opyapyala kapena guluu sanagwire bwino. Koma kuno tilinso ndi vuto la nthaka, amene munamanga pa makande mukudziwa, chilimwe dothi limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, mvula ikagwa limafufuma, nyumba imayenda nalo pang'onopang'ono chaka ndi chaka ndipo paipi youma yomwe inamatidwa m'konkire siingapindike, imangosweka. Tilinso m'chigwa cha zivomezi, akuluakulu akukumbukirabe chija cha mu Malichi 1989 chomwe chinagwetsa nyumba kuno ku Salima, ndiye nyumba zakale zokhala ndi ming'alu m'makoma mapaipi ake musawadalire kwambiri.

Apa ndiye pofunika kuganiza bwino musanaswe. Ngati paipi ndi ya chitsulo ndipo nyumba ndi yakale, ine maganizo anga ndi oti musaikonze, isiyeni momwemo. Mukamata pamodzi chaka chamawa iboola pena, muswanso. Duleni paipiyo pomwe imalowera m'nyumba, mutseke, mukoke ina yatsopano kuzungulira kunja m'mbali mwa maziko, ikalowe pakhoma la bafa ndi la khitchini molunjika. Pabwalo gwiritsani yakuda ija ya HDPE, imapindika ndipo ilibe zolumikiza zambiri, muikwirire mozama ndithu kuti khasu lisaipeze komanso madzi asamatuluke otentha masana. Yokwera pakhoma ikakhala ya PVC ipakeni penti chifukwa dzuwa la kuno limaiumitsa mpaka kumathetheka. Ena amadandaula kuti paipi yoonekera siikongola, koma kuseri kwa nyumba ndani amayang'anako, ndipo tsiku lomwe idzadonthe mudzaiona tsiku lomwelo.

Ngati paipi ndi yatsopanoko ndipo malo mwawapeza, ndiye iswani koma mwaulemu. Choyamba zimitsani magetsi pa main switch, nyumba zina mawaya anadutsanso pansi ndipo simenti yonyowa ndi magetsi zimapha. Giza izimitsidwe musanakhuthule madzi apo ayi element, kachitsulo kotenthetsa madzi ka mkati mwake, ipsa. Tsekani pa mita, tsegulani mpopi wa m'munsi kwambiri madzi otsala atuluke. Pa matailosi yambani kukanda mizere ya pakati ija kuti muchotse imodzi kapena ziwiri osaswa zoyandikana nazo, mtundu womwewo mwina simudzaupezanso mu shopu. Ndi gulayinda yosadalira magetsi a m'nyumba omwe mwazimitsa aja chekani bokosi mwina masentimita 40 mbali zonse, osazamitsa, kenako tchizulo ndi hamala kuyambira m'mphepete, tchizulo chopendeka osati choimika, kuti musaboole paipi pena. Valani magalasi ndi kansalu kumphuno, fumbi la simenti si labwino m'chifuwa. Mukafika pa mchenga siyani zitsulo muzifukula ndi manja, mchenga uzinka nunyowa, mwinanso mupeza kadzenje komwe madzi anakokolola. Tsegulitsani madzi pang'ono muone ndi maso pomwe akutulukira.

Chonde chonde, mphira ya chubu cha njinga musakwirire. Kumanga ndi mphira ndi kongodikirira kuti kuche mupeze zipangizo, pansi pa simenti siikhalitsa. Dulani chigawo chonse choonongeka ndi hakiso, mutenge kachidutswako popita ku hadiweya kuti akupatseni saizi yeniyeni, za m'nyumba zambiri ndi hafu inchi kapena three quarter. Ya PVC, nsonga zikhale zowongoka, zopalidwa ndi sandipepa, zouma bwinobwino, madzi akamadonthabe mkati guluu sagwira. Pakani guluu wakeyo, wotchedwa solvent cement, mbali zonse ziwiri, lowetsani mu soketi yolumikizira mapaipi mpaka kumapeto mukupotoza pang'ono, gwirani kwa masekondi 30, ndipo musatsegule madzi msanga, werengani pa chitini nthawi yake, ine ndimakonda kuti igone usiku. Yobiriwira ija ya PPR siifuna guluu, amaiwotcha ndi makina ake, itanani pulambala amene ali nawo. Ya chitsulo imafuna bobojani ziwiri, cholumikizira chotchedwa yuniyoni ndi thread tape yokulunga motsata mazinga. Ndipo pa madzi a giza musaikepo PVC wamba, imafewa ndi kutentha, pamafunika PPR, CPVC kapena kopa.

Mukalumikiza musatseke dzenje tsiku lomwelo ngakhale apabanja akudandaula za fumbi. Tsegulani madzi pang'onopang'ono mpopi umodzi uli wotsegula kuti mpweya utuluke, kenako tsekani, kulungani tishu pa zolumikiza zonse musiye mpaka mawa, makamaka usiku pomwe madzi amakhala ndi mphamvu. Tishu ikakhala youma ndipo kagudumu ka pa mita kaima, ndiye mwathana nazo. Pulambala mugwirizane naye kuyambira pachiyambi kuti ndalama yomaliza alandira izi zikatheka, wodziwa ntchito yake sakana. Amene muli pa lendi jambulani mita, malo onyowa ndi bilu mutumize kwa alandilodi pa WhatsApp musanaswe kalikonse, mugwirizane polemba kuti alipira ndani kapena muchotsera pa lendi, nkhani zapakamwa zimadzavuta pa mapeto a mwezi.

Potseka, lisiyeni dzenjelo liumeko masiku angapo mawindo ali otsegula. Paipi musaimatenso m'konkire, ivekeni paipi ina yokulirapo kapena muikulunge ndi pulasitiki, muizungulize mchenga wosefa wopanda miyala, dzazani pomwe madzi anakokolola nkutsendera bwino kuti pansi pasadzatitimire. Ngati munali pepala lakuda lotchinga chinyontho ndipo mwaling'amba, ikanipo lina lopitirira m'mbali. Ngati munaona chiswe thiranitu mankhwala ake dzenje likadali lotsegula. Konkire yake muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala, pamwamba pake umodzi wa simenti itatu ya mchenga, nyowetsani m'mphepete mwa simenti yakale kuti zigwirane, ndipo muzithirira madzi kwa sabata chifukwa ndi kutentha kwa kuno ikauma msanga imang'ambika. Khoma lomwe linanyowa musalipake penti pompo, palani zoyera zija mulisiye mpaka liume lonse, zimatha kutenga masabata angapo. Musanakwirire jambulani paipiyo ndi tepi yoyezera kuchokera pakhoma, chithunzicho musunge, ndipo poti pulambala ali pomwepo muuzeni aikiretu valavu polowera m'nyumba, ina ya ku bafa ndi ina ya kukhitchini.