Kuyerekeza giredi ya AP Psychology mayeso asanafike

Makolo anzanga kuno ku Johannesburg, ngati mwana wanu akulemba AP Psychology (mayeso a ku America a phunziro la kaganizidwe ndi khalidwe la munthu) mu Meyi, musangokhala kudikira zotsatira za mu Julaye. Loweruka mukhazikeni patebulo, foni kutali, ayankhe mafunso 75 osankha yankho kwa mphindi 90. Amene wakhoza muwagawe ndi 75, muchulukitse ndi 67. Kenako mafunso 2 olemba, mphindi 70, lililonse malikisi 7: malikisi amene wapeza gawani ndi 14, chulukitsani ndi 33. Phatikizani ziwirizo, mupeza malikisi ake pa 100.

College Board, bungwe lokonza mayesowa, imapereka giredi 1 mpaka 5, koma malire a malikisi a giredi iliyonse amasuntha, n'chifukwa chake ine sindidalira pepala limodzi, ana ndimawalembetsa kangapo. Gawo lolembalo chonde musachonge nokha, mtima wa kholo umawonjezera malikisi. Pemphani aphunzitsi ake achonge.