Kusankha mbewu ya fescue podzala busa latsopano la ng'ombe

Fescue ndi udzu wa kumadera ozizira. Umadzalidwa kwambiri ku America, New Zealand, Argentina ndi ku Ulaya, komanso m'mafamu a mkaka othirira ku South Africa, monga ku KwaZulu-Natal, komwe abale athu ena amagwira ntchito ya ng'ombe. M'madera ambiri a Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia udzuwu sungapirire kutentha ndi chilimwe chachitali, choncho kumeneko mlimi asataye ndalama, adzale udzu wa Rhodes kapena nsenjere. Malangizowa ndi a amene akuweta kumalo ozizira, a mvula yokwanira kapena a madzi othirira.

Busa la tall fescue, mtundu wa fescue umene tikunena pano, likagwira bwino limakhala zaka khumi ngakhale kuposa. Mukalakwitsa pogula mbewu, vutolo mukhala nalo zaka zonsezo. Ndiye musanafunse mtengo, funsani wogulitsa kuti mbewuyo ili ndi endophyte wamtundu wanji.

Endophyte ndi kabowa kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'kati mwa udzu, ndipo kamafalikira kudzera mu mbewu basi. Kamathandiza udzu kupirira ng'amba, tizilombo ndi kudyedwa kwambiri. Mtundu wotchuka wa Kentucky 31, umene adaupeza pafamu ina ku Kentucky, ku America, mu 1931 ndi kuyamba kuufalitsa mu 1943, udakondedwa chifukwa sufa msanga. Patapita zaka zambiri, m'ma 1970, akatswiri adazindikira kuti kabowa ka m'kati mwake ndi kamene kamadwalitsa ng'ombe. Kamatulutsa poizoni, makamaka ergovaline, amene amafinya mitsempha ya magazi ya ng'ombe.

Zizindikiro zake sizivuta kuona. Kukatentha, ng'ombe zimalephera kutaya kutentha kwa m'thupi: zimapuma mwawefuwefu, dovu lili chuchuchu, ndipo zimangoima m'madzi kapena pamthunzi nthawi imene zikadakhala zikudya. Ubweya wa nyengo yozizira suthothoka, umangokhala nyankhalala. Mkaka umatsika, ana sanenepa, zazikazi zimavuta kutenga bere. Kukazizira kwambiri magazi safika bwino kumapeto kwa ziwalo, ng'ombe imayamba kutsimphina mwendo wakumbuyo, ndipo nsonga ya mchira, makutu ngakhale ziboda zimatha kuuma mpaka kuduka. Poizoniyu amachuluka m'ngala za mbewu ndi m'munsi mwa tsinde. Akavalo a bere ndiye asayandikire n'komwe busa lotere.

Pali mbewu yopanda kabowaka. Ng'ombe zimachita nayo bwino kwambiri, koma udzuwo ndi wofooka: ng'amba ikabwera kapena ziweto zikaudya mpaka pansi, busa limayamba madazi ndipo zomera zachabe zimalowerera. Ndi yabwino pomwe pali madzi othirira odalirika ndi mbusa wodziwa kusuntha ng'ombe pa nthawi yake.

Kumalo odalira mvula ife timalangiza mbewu ya kabowa kosankhidwa, kamene kamalimbitsa udzu koma sikatulutsa ergovaline. Chitsanzo chodziwika ndi MaxQ, kabowa kamene adakasankha akatswiri a ku New Zealand ndi kukaika mu mtundu wa fescue wotchedwa Jesup. Mbewu yotereyi ndi yokwera mtengo, koma mumagula kamodzi, pomwe mkaka ndi ana a ng'ombe mumawerengera chaka ndi chaka. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: kabowaka ndi kamoyo, ndipo kamafa thumba likakhala pamalo otentha kapena achinyezi, ngakhale mbewuyo ikadamerabe. Onani tsiku lolembedwa pathumba, sungani pozizira, ndipo dzalani nyengo yomweyo. Mbewu yogonera chaka musailipire mtengo wa yatsopano.

Funso lachiwiri ndi la nyengo ya mvula. Mitundu yochokera ku Ulaya wa kumpoto imakula m'nyengo yotentha ikapeza chinyezi, choncho imayenera kumadera a mvula ya dzinja lotentha kapena othirira. Mitundu ya kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga Flecha, imagona kukatentha ndi kuuma, n'kumakula nthawi yozizira. Malo ake ndi komwe mvula imagwa m'miyezi yozizira. Ng'ombe za mkaka zipatseni mitundu ya masamba ofewa chifukwa zimadya wambiri, kungoti zikaukonda zimaumeta kwambiri, ndiye muzizitulutsa msanga.

Ngati pamalopo padali fescue wakale wapoizoni, musamulole kubereka mbewu chaka chomwe mukukonzekera. Poperani mankhwala opha udzu otchedwa glyphosate, dzalani mbewu ina ya nyengo imodzi yophimba nthaka, mukakolola poperaninso, kenako mudzale fescue watsopano. Anthu ambiri amadumpha kupopera kwachiwiri, ndipo zitsa zakale zimaphukira n'kugonjetsa udzu wodula uja. Mabelo a udzu wouma ochokera ku busa lakale musadyetsere m'munda watsopano, ndipo ng'ombe zochokera kumeneko ziyambe zakhala masiku awiri kapena atatu pamalo ena, chifukwa mbewu imatuluka ndi ndowe.

Pimitsani nthaka miyezi ingapo musanadzale, kuti laimu ndi fosifeti zilowe nthawi ikadalipo. Ku South Africa nthawi yabwino ndi February mpaka April, kutentha kukamachepa koma nthaka isanazizire. Mbewu yokwana makilogalamu 20 mpaka 25 pa hekitala ndi yokwanira, ndipo isalowe kupitirira sentimita imodzi. Nthaka ikhale yosalala ndi yotsendereka: mukaponda, chidendene cha nsapato chingosiya kachizindikiro, osati kumira. Mukafesa tsenderaninso. Onjezani makilogalamu 2 kapena 3 a white clover, chomera cha gulu la nyemba, pa hekitala kuti msipu ukhale wa thanzi. Ryegrass, udzu wina wa msipu, musasakanize, chifukwa amamera mwachangu n'kuphimba fescue, amene amayamba pang'onopang'ono.

Kudyetsa koyamba kudikire mpaka udzu utafika masentimita 15 mpaka 20. Gwirani tsinde ndi zala n'kukoka: likazuka ndi mizu, nthawi sinakwane. Lowetsani ng'ombe zing'onozing'ono tsiku limene nthaka ili youma, ndipo zitulutseni udzu ukatsala masentimita 8 mpaka 10.