Momwe mungayendere bwino pa njinga yamoto m'misewu ya ku Thyolo ndi Mulanje

Msewu wa M2, wochokera ku Limbe kudutsa pa Bvumbwe, pa boma la Thyolo, Luchenza ndi Mulanje mpaka pa chipata cha Muloza, umakoma dzuwa likawala. Koma ndi womwewonso wa makhota, zitunda, matope ofiira amene mathirakitala amatuluka nawo m'minda ya tiyi, ndi nkhungu ya chiperoni imene imabisa lole mpaka itafika pamphuno. Malangizowa ndi a akabaza, a oyendera njinga kuntchito, ndiponso a amene anamangirira kainjini pa njinga yakapalasa.

1. Helemeti: isankheni bwino, ndipo mangani lamba

Pogula, musatengeke ndi kunyezimira kwa kunja. Chotsani nsalu yam'kati muone ngati muli chinthu cholimba choyera chonga chimene amatetezera wailesi m'katoni, chokhuthala masentimita awiri kapena atatu. Chimenecho ndicho chimaphwanyika m'malo mwa chigaza chanu. Helemeti ya siponji yokhayokha imangotchinga mphepo. Kumbuyo kapena pa lamba yang'anani chizindikiro cha ECE kapena DOT, chosonyeza kuti helemetiyo inayesedwa kulimba kwake, koma dziwani kuti chomata aliyense atha kumata, choncho khulupirirani zimene manja anu akhudza m'katimo. Chipewa cha omanga nyumba si helemeti ya njinga: anachipangira njerwa yogwa kuchokera kumwamba, osati mutu womenyetseka pa tala.

Ivaleni, mangani lamba pansi pa chibwano kuti pangokwana zala ziwiri, kenako gwedezani mutu. Khungu la pamasaya liziyenda limodzi ndi helemetiyo. Ikamazungulira yokha, yakula. Pomaliza igwireni kumbuyo ndi kuikokera kutsogolo: ikavuka, idzavukanso pangozi mutu usanafike pansi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Helemeti yongoikhazika pamwamba pa mutu ngati chisoti cha dzuwa imakupulumutsani kwa apolisi okha.

Ikamenyetseka mwamphamvu kamodzi, ntchito yake yatha ngakhale kunja isaoneke mng'alu, chifukwa choyera chija chikafinyika sichibwerera. Galasi lakutsogolo likakandika lisintheni, poti usiku limamwaza kuwala kwa galimoto n'kukuthobwani. Litsukeni ndi madzi ndi sopo, osati petulo. Lamulo la pamsewu limafuna kuti wokwera naye avale, ndiye wakabaza akhale ndi ziwiri.

2. Thupi lonse

Munthu akamagwa amayamba kuponya manja, choncho magolovesi achikopa ndi ofunika ngakhale kukutentha. Valani nsapato zotseka mpaka m'kakolo, osati patapata, ndipo zingwe zake muzilowetse m'kati zingakodwe pa giya. Buluku la jinzi ndi jekete lokhuthala zimaposa kabudula ndi malaya. Pamwamba pake valani chovala chonyezimira chachikasu kapena chofiirira: jekete lakuda m'nkhungu ya m'mawa pa Chitakale silioneka.

3. Mphindi zitatu musanalize injini

Matayala muziwayeza akadali ozizira, ndi geji, osati pofinya ndi chala. Njinga zazing'ono zambiri zimafuna mpweya wa pakati pa 25 ndi 33 psi (muyezo wa mpweya umene geji imaonetsa), lakumbuyo kuposa lakutsogolo, koma tsatirani nambala imene yalembedwa pa njinga yanuyo kapena m'buku lake. Tayala lofewa limaguduza pakhota. Lopopa mopitirira limagwira msewu pang'ono. Mizere ikafufutika madzi amasowa kothawira, tayala n'kumayandama.

Tcheni chizisewera masentimita awiri kapena atatu mukachikankha pakati. Chikathina chimadya sipuloketi (kagudumu ka mano koyendapo tcheni), chikalendewera chimavuka n'kumanga tayala lakumbuyo muli pa liwiro. Matope ofiira akuno akasakanikirana ndi girisi amasanduka ngati mchenga wonolera mpeni, ndiye chitsukeni ndi parafini musanathire oyilo wina.

Finyani buleki yakutsogolo: isafike pogunda chogwirira. Yesani yakumbuyo, nyali, maindiketa ndi huta. Magalasi oonera kumbuyo awiri onse akhalepo. Kuwachotsa kuti njinga izioneka yachinyamata n'kudzichotsa maso dala.

Amene muli ndi njinga yakapalasa yoika injini, vuto lanu lalikulu ndi mabuleki. Timphira togwira limu anatipangira liwiro la wopalasa, ndipo limu ikanyowa timachedwa kugwira. Tisintheni tisanathe, mangani mabawuti ogwira injini tsiku lililonse chifukwa kunjenjemera kumawamasula, ndipo gogodani masipoko akumbuyo: olira mogonthoka ndi omasuka.

4. Pamsewu

Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, njinga imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse. Ndiye kuti mwana akatulukira m'nthochi, mamita 14 amatha dzanja lisanafinye n'komwe buleki. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Siyani mpata wa masekondi atatu ndi galimoto yakutsogolo: ikadutsa pa mtengo, werengani "wani sauzande, thuu sauzande, firii sauzande" musanafikepo. Kukagwa mvula muwonjezere.

Gwiritsani mabuleki onse awiri. Yakutsogolo ndiyo imaimitsa kwambiri, koma ifinyeni pang'onopang'ono ngati mukufinya ndimu, osati kuitsakamula. Kuopa buleki yakutsogolo n'kumangoponda yakumbuyo ndiko kumatsetsereketsa njinga chammbali.

Liwiro lichepetseni khota lisanayambe, njinga ikadali chilili. Mukalowa, maso akhale kumene mukupita, osati pa dzenje limene mukuliopa, pakuti njinga imatsata maso. Pamphambano iliyonse yotulukira m'minda ya tiyi yembekezerani matope kapena timiyala pa tala. Mukapondapo musamange buleki kapena kukhota mwadzidzidzi: gwirani njinga mowongoka mudutse.

Chizolowezi choipa kwambiri m'zitunda za ku Thyolo ndi kuzimitsa injini kapena kuika fili (kuchotsa giya) potsika kuti petulo asathe. Mukatero njinga yonse, inuyo, wokwera ndi thumba la chimanga, zonse zatsamira mabuleki okha. Amatentha, kenako mumafinya koma osagwira. Tsikani ndi giya yomwe mukanakwerera chitundacho, injini izikuthandizani kugwira.

Pa chiperoni, makamaka kuyambira May mpaka August, yatsani nyali masana omwe, koma ya pansi, poti yapamwamba imamenya nkhungu n'kukubwererani m'maso. Mphindi zoyamba za mvula ndizo zoterera koposa, chifukwa madzi amadzutsa oyilo ndi fumbi zimene zinauma pa tala. M'mawa kwambiri ndi madzulo anthu othyola tiyi amayenda m'magulu m'mbali mwa msewu, ndipo tsiku la msika pa Limbuli kapena pa Bvumbwe minibasi imaima paliponse. Lole yopita ku Muloza musaidutsire kumanzere. Ngati simukuona nkhope ya dalaivala pa galasi lake, iyenso sakukuonani.

5. Wokwera ndi katundu

Wokwera akhale mmodzi, miyendo uku ndi uku, mapazi pa zopondera. Amayi apinde chitenje n'kuchikhalira: kansonga kolendewera kakalowa m'masipoko kamakoka munthu mwadzidzidzi. Akwerere kumanzere, chifukwa pa njinga zambiri paipi yotulutsa utsi ili kumanja ndipo imawotcha katumba nthawi yomweyo. Nthochi kapena nanazi muzimange motsika, mofanana mbali zonse. Katundu akachuluka kumbuyo tayala lakutsogolo limapepuka, chiwongolero n'kuyamba kunjenjemera.

6. Ngozi ikachitika

Imitsani magalimoto kaye, zimitsani injini. Wovulala musamuvule helemeti pokhapokha ngati sakupuma kapena akusanza, ndipo musamunyamule chogwira manja ndi miyendo mutu ukulendewera. Mmodzi agwire mutu mowongoka ndi msana, ena anyamule pamodzi. Pamene pakutuluka magazi finyanipo ndi nsalu yoyera osachotsachotsa. Amene wamenyetsa mutu apite kuchipatala ngakhale wadzuka n'kumalankhula, kaya cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje, Mulanje Mission kapena Malamulo ku Makwasa, chifukwa magazi otayikira m'kati mwa chigaza amatha kudzaonekera patapita maola angapo, munthu atayamba kusinza ndi kusanza.