Kubwereketsa nyumba kwa alendo a masiku ochepa ku Tete

Musanagule matiresi, yambani ndi mapepala. Tengani NUIT (nambala ya msonkho) ku Autoridade Tributária, ofesi ya misonkho, kenako pitani ku BAÚ, ofesi ya boma yopereka zilolezo za mabizinesi, mukapemphe chilolezo cha malo ogona alendo. Popanda chilolezocho, akuluakulu a boma oyendera mabizinesi akabwera angathe kukulipiritsani chindapusa kapena kutseka nyumbayo. Mlendo wochokera kunja, kaya walowa pa chipata cha Zóbuè kapena cha Cuchamano, lembani dzina lake ndi nambala ya pasipoti m'kaundula, ndipo dziwitsani a SENAMI, oona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko.

Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, alendo ambiri ndi ogwira ntchito za migodi ya malasha, ndipo chimene amafunsa koyamba ndi makina oziziritsa chipinda. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, makinawo amagwira usiku wonse, mayunitsi a magetsi a Credelec nkutha msanga. Ambiri phindu lawo limathera pomwepa. Werengani mita mlendo akamalowa ndi akamatuluka, muzidziwa ndalama za magetsi za usiku umodzi musanaike mtengo. Sefa ya makinawo itsukeni milungu iwiri iliyonse, chifukwa fumbi likaitseka imadya magetsi osaziziritsa. Ku Ulónguè nkhani ndi ina: kumeneko gulani mabulangete okhuthala a Juni ndi Julayi.

Ikani thanki la madzi la malita 1000 ndi pampu yake.

Landirani theka la ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola musanasungire munthu chipinda. Uzaninso a secretário a bairro ndi oyandikana nawo za bizinesiyi, poti madandaulo a phokoso ndi magalimoto otseka njira amayambira kwa iwo.